Akufuna ndipepese, atate

Maramba, Livingstone
14 Okutobala 2024

Atate okondedwa,

Ndikupatsani moni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Katete? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ine ndi ana tili bwino m'thupi. Kuno kwatentha koopsa, ndipo magetsi akumangobwera ngati mlendo.

Chimene chandilembetsa ndi nkhani ya kuntchito. Mukudziwa kuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Lachinayi lililonse ndinkapita kumidzi ya cha ku Simonga kukapereka mankhwala kwa okalamba odwala shuga ndi othamanga magazi. Mu Julayi kukiliniki kwathu kunabwera mkulu watsopano, ba Munsaka. Sabata yoyamba yomweyo analamula kuti maulendo amenewa athe. Akuti aliyense azibwera yekha m'tauni kudzalembetsa pa kompyuta, kuti malipoti opita kwa akuluakulu azioneka bwino.

Pamsonkhano ndinakweza dzanja. Ndinanena mwaulemu kuti anthuwa sangayende mtunda umenewo, komanso chaka cha chilala chino njovu zikumaima mumsewu. Anandiyankha pamaso pa onse kuti sanabwere kudzaphunzitsidwa ntchito ndi namwino wamba. Anzanga amene ankadandaula nane pakhonde anangozyolika.

Kumidziko kuli amayi ena achikulire, ba Moono, amene ankandidikira pansi pa mtengo ndi kabuku kawo ka kuchipatala kokulunga m'pulasitiki. Mankhwala atawathera anayesa kawiri kubwera, koma anabwerera panjira. Mwezi watha anagwa akusesa pabwalo. Pano mbali imodzi ya thupi inafa, sakulankhula. Nditapita kukawaona kuchipatala chachikulu anandizindikira, n'kungondigwira chovala osafuna kuchisiya.

Zonsezi ndinazilemba m'lipoti, dzina ndi masiku omwe. Ba Munsaka anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti ndanyoza udindo wawo. Andichotsa kwa odwala, andiika m'chipinda cha mafayilo, kumene ndimaswera kupukuta fumbi. Akuti ndikalemba kalata yopepesa ndi kubweza lipotilo, andibwezera pamalo panga. Ndikakana, nkhani ipita ku komiti ya chilango, mwina n'kundisamutsira kutali, ana asanamalize chaka kusukulu. Andipatsa mpaka pa 30 mwezi uno.

Mnzanga Imwiko akuti ndingosaina chabe, boma ni boma, munthu salimbana nalo. Kalatayo ndaiyamba katatu. Ndikafika pa mawu akuti ndinalakwa, dzanja limakana.

Pempho langa ndi limodzi. Inu munakhala mesinjala pa boma zaka makumi atatu, ndipo munatilera ndi mawu akuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Sindinakufunsenipo kuti mawu amenewo anakulandani chiyani. Ndiuzeni zoona, atate: munapepesapo pa chinthu chimene simunalakwe? Ngati munatero, munakhala nazo bwanji mumtima zaka zonsezi? Musandiyankhe pa foni, chifukwa pa foni mumangoti zonse zili bwino. Mulembe ndi dzanja lanu, alongo anga a Dumisani ajambule pepalalo n'kunditumizira tsikulo lisanakwane.

Mupereke moni kwa amayi, koma izi musawauze kaye. Moninso kwa azakhali, kwa amalume a ku Sinda, kwa alamu anga ndi ana onse. Adzukulu anu akuti mubwere pa Khirisimasi. Sindinawauze kuti mwina simudzatipeza kuno.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu,
Olipa