Silinda ya Vainess

Lolemba, 3 Okotobala 2016

Silinda ya gasi wa CO yatha. Makina mu labu ali zii. Popanda gasi ameneyu palibe choyerekezera, zili ngati sikelo yopanda mwala. Tizidutswa tanga ta mkungudza wa ku Mulanje tangokhala m'kabati, mbiri ya mvula yakale ili momwemo. Kampani yomwe timaodako yati inasiya kugulitsa.

Lachinayi, 6 Okotobala

Mafoni tsiku lonse. Ena ali ndi CO wa m'mafakitale, wosayera mokwanira. Ena akuti ndidikire chaka chamawa. Chonsecho digiri ndiyenera kumaliza Meyi.

Apulofesa angoti, "Mnzako wa ku Indianapolis uja sangatithandize?"

Vainess. Nthawi zonse Vainess. Anakamuchingamira pa eyapoti pobwera kuchokera kwathu ndine. Jekete yake yoyamba ya chisanu inali yanga. Lero mwini wake ndi Dokotala, ine ndikadali mwana wa sukulu ku South Bend.

Loweruka, 15 Okotobala

Ndapita. Labu yawo ili pakati pa tauni, mawindo akuluakulu, makina awiri. Masilinda a CO awirinso, ina yosatsegula n'komwe. Wandikumbatira, akuti achemwali bwanji simunanene msanga. Kenako kunyumba kwake ku Lawrence, wandiphikira mpunga ndi nyemba. Ndafunafuna chomudera, ndachisowa. N'zimene zikundiwawa kwambiri.

Pobwerera ndaimika galimoto ku Kokomo, ndalira. Sindikudziwa chifukwa. Bodza, ndikudziwa.

Lachisanu, 28 Okotobala

Lole yabweretsa silinda yosatsegula ija ya kwa Vainess. Vainess wabwera kudzathandiza kulumikiza. Makina adzuka, manambala okongola ngati a m'buku. Ndimayenera kusangalala.

Apulofesa anamuitanira mu ofesi. Chitseko chotseka, phwete mpaka pakhonde. Ine sanasekepo nane choncho.

Lolemba, 14 Novembala

Ntchito ya kafukufuku yomwe ndimati ndidzalowa ndikamaliza, apatsa Vainess. Ayamba Januwale. Apulofesa andiuza ali chiimire, akuti ndisangalale, ndapeza wolankhula naye chikwathu.

Madzulo Vainess waimba foni yekha. Akuti sankadziwa kuti ndimaifuna, ndikanena akana. Ndati usapuse, tenga. Ndiye anati, "Achemwali, ndisanapeze nyumba, ndingayambe ndakhala kwanu?"

Pakamwa panayankha pasanandifunse. Bwera, chipinda chilipo.

Ndayamba kutulutsa mabuku m'chipindamo. Sindikuika pansi. Ndikuponya.