Makina Andichotsa M'gulu la Opembedzera

Aphungu,

Ndine mayi woopa Mulungu, ndipo ndimagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina. Kumpingo kwathu tili ndi gulu la amayi opembedzera, ndipo zopempherera zonse timalandira pa imelo. Mwezi watha kunangoti zii. Kenako ndinapeza uthenga woti ndachotsedwa m'gululo chifukwa makalata onditumizira akumabwerera, komanso zomwe ndimatumiza zili ndi vairasi. Pansi pake panalibe dzina la munthu.

Ndinathamangira kwa alembi a mpingo. Iwo anangoti, "Mayi, si ine ayi, amachotsa okha makina." Koma Aphungu, makina angadziwe bwanji za mumtima mwa munthu ngati sanachite kuuzidwa? Mlamu wanga ndiye anachita kugwa nako kuseka: "Mpaka kompyuta yakukanani, alamu? Kumwambako ndiye mukalowera pawindo!"

Ine chiyambire sindinafufutepo uthenga wokhala ndi dzina la Mulungu, poti ambiri amathera ndi mawu oti wofufuta wakana Ambuye. Wina ukati "tsegula ulandire dalitso", ndimatsegula n'kugawirako anzanga onse. Ndiye tchimo lili pena. Ndaganiza zoti Lamlungu lino ndiimirire pa nthawi ya umboni ndiulule zonse, ngakhale zija tinkanena ndi anzanga awiri a kwaya zokhudza wigi ya amayi abusa. Kusala kudya ndayamba kale. Ndithandizeni.

Ine wosweka mtima,
E.T.M., benchi lachiwiri kutsogolo

Mayi E.T.M.,

Yambani mwadya kaye. Makinawo alibe mzimu wa uneneri, ndipo za wigi sakuzidziwa.

Chachitika n'chakuti bokosi lanu la imelo ladzaza ndi madalitso mpaka pakhomo. Uthenga watsopano ukafika umasowa poponda, n'kubwerera komwe wachokera. Ukabwerera kangapo, makina amayesa kuti munasamuka, basi n'kukufufutani. Amachotsa ngakhale abusa, sayang'ana kolala.

Vairasiyo yalowera m'madalitso otsegula aja, ndipo mwaigawa mokhulupirika kwa amayi onse. Ngati mukufuna cholapa, ndi chimenecho.

Tsono khalani pansi mufufute. Mulungu sakhala mu imelo, ndipo mavesi onsewo ali m'Baibulo lanu, momwe sadzaza malo a wina. Wokonza makompyuta wa kuntchito kwanu ayeretse kompyuta yomwe mumagwiritsa ntchito, inu musinthe pasiwedi. Uzani anzanu asatsegule zomwe munawatumizira. Mukatero, pemphani alembi akulembetseninso. Uthenga uliwonse wokuopsezani kuti muugawe, dziwani kuti wolemba wake si mngelo.

Chenjezo langa ndi la Lamlungu. Nkhani ya wigi kaikambeni ndi Mulungu wanu kuchipinda, chitseko chotseka, ndipo miseche muileke. Mukaiulula kutsogolo, mugwetsa anzanu awiri omwe sanakutumeni, ndipo muchotsedwa ndi anthu tsopano. Makina akakuchotsani, alembi amangodina batani n'kukubwezerani. Amayi abusa alibe batani.

Aphungu