Zitini Ziwiri Pakhonde la a Salehe

Lolemba, 15 Juni 1992

Magetsi azima 9 koloko, abwera dzuwa litapendeka. Mawayilesi asanu patebulo, osakonzako ndi imodzi yomwe. Akuti Shire waphwa ndi chilalachi. Amisiri tonse a mzere wathu kuno ku Chirimba tathera tsiku pabawo, pakhonde la a Salehe atelala. Amuna a ndevu zathu, kumangoseweretsa nkhomo.

Lachitatu, 17 Juni

Poyesa wayilesi ya mabatire ya kasitomala ndagwira siteshoni yakunja. Nkhani ya magetsi a nyukiliya. Akuti ku Sweden anthu adakanganapo pachisankho, ena kufuna, ena kukana, mpaka boma kusintha. Palibe ndi mmodzi yemwe adamangidwa. Ndatsitsa mawu, ndamvera mpaka kumapeto.

Chathu chisankho ndi sabata yamawa. Zithunzi zosiyana, tambala yemweyo, funso ayi. Nsanje yandigwira, ndisaname.

Lachinayi, 18 Juni

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Nkhani ya nyukiliya ija ndaifotokoza pabawo. A Salehe pomwepo: "Mwala wake akuti uliko ku Karonga. Akumbe basi, ife tizisoka." A Stewart okonza mafiriji kukana: "Kwa Arasha zidaphulika eni ake ali pomwepo. Ndiye ife, omanga fyuzi ndi waya wa pamsika?" Mkangano mpaka bawo kuiwalika. Ine mbali ya a Salehe. Ndatopa ndi mdima.

Nzeru zopusa zinali zanga. Zitini ziwiri za mkaka kuseri kwa chitseko, china Inde wa nyukiliya, china Ayi. Aliyense nkhomo imodzi ya pabawo, kukaponya payekha. Zatuluka zisanu kwa zisanu. Kuseka mpaka misozi.

Wa khumi ndi mmodzi anali a Nedson owotcherera zitsulo, apampando a nthambi ya chipani kuno. Tidazolowerana nawo mpaka kuiwala baji yawo. Alandira nkhomo, aiyang'ana, aiika m'thumba, ulendo. Osaponya.

Loweruka, 20 Juni

Bawo laima. Nkhomo zatsala 63, ndipo palibe wofuna kutola kamwala kolowa m'malo. Khonde lili zii. Onse akudziwa kuti nkhomo ija ndi umboni: mavoti a mbali ziwiri, sabata ya chisankho, woyambitsa ine Gregorio wa mawayilesi. Mwezi watha anthu adatengedwa chifukwa cha kapepala chabe.

Mkazi wanga Evelina: "Ana atatuwa adzadya nyukiliya yanuyo?" Wandiikira juzi ndi bulangete pafupi ndi chitseko. Akuti apolisi akabwera sapatsa munthu mpata wovala. Ndikuopa. Kabukuka ndikabisa m'chibokosi cha wayilesi yakufa.

Lachiwiri, 23 Juni

A Nedson adutsa kawiri, moni ayi. Galimoto ikaima pamsewu, ndimasuzumira pazenera. Komabe a Stewart anandinong'oneza ku mpope kuti apeza mfundo ina yondigonjetsera. Munthu ameneyu sakumva mantha, akumva kukoma.

Lachisanu, 26 Juni

Ndavota. Mzere waufupi, anthu maso pansi. Dzanja langa limakumbuka chitini cha mkaka. Oyimika anthu pamzere anali a Nedson. "Mawa ndikupezani kushopu." Basi.

Loweruka, 27 Juni

Ndapita nditavala juzi. Evelina anandiperekeza mpaka pamlatho.

A Nedson abwera okha, 10 koloko, magetsi atazima kale. Akhala pabenchi. Funso loyamba: "Phulusa la nyukiliyayo amataya kuti?" Ndati akuti amakwirira pansi, koma ndilibe nazo umboni. Agwedeza mutu. "Zitini zija zilipo?"

Tapita kwa a Salehe. A Stewart aitanidwa, manja ali girisi. A Nedson atulutsa nkhomo ija m'thumba la malaya, yonyezimira ndi kugwiragwira. "Zaka makumi awiri ndikuyimika anthu pamzere, palibe adandifunsapo maganizo anga. Ndimafuna ndiganize kaye." Masiku asanu ndi anayi, ine osagona, iwo akuganiza.

Alowa kuseri kwa chitseko. Tamva kuti ngwe. A Salehe atulutsa zitini, agwedeza. Yalira m'chitini cha Ayi.

Zisanu ndi chimodzi kwa zisanu. Ndagonja, ndipo sindidakondwepo chonchi chibadwire. A Salehe akuti sakuvomera, tibwereze Lolemba, aitana ndi a kumagalaja. A Nedson akuti nkhomo 64 zichepa.

Juzi ndavula, ndabweza m'sutikesi.