Munda wa Yotamu walimidwa pomaliza

Akulu anga okondedwa,

Muli bwanji ku Kitwe, inu ndi alamu anga? Kuno ku Kanakantapa tili bwino, ndipo mwendo wa amayi waleka kutupa.

Mwana wanu Yotamu tsopano ndi mkulu wa mpingo, choncho ndiye amagawa masiku olimira ng'ombe za mpingo. Mvula itagwa, mkazi wake anati, "Ba Yotamu, yambani munda wathu. Nanga udindo ni wa chani?" Iye anamukumbutsa za malemu aTembo, amene anayambitsa mpingo uno. Masiku awo ng'ombe zinkayamba kwa amayi amasiye, kwawo pomaliza, ndipo pulawo ankaigwira okha.

Yotamu wachita chimodzimodzi, mpaka manja ake atuluka matuza. Kwake walima dzulo, pamene chimanga cha anzake chafika kale m'mawondo.

Ndamunyadira kwambiri mwanayu. Koma chimanga chobzala mochedwa sichibereka bwino, ngakhale mwini wake akhale wopemphera. Chonde mutumizireni mbewu yocha msanga sabata ino isanathe, chifukwa mkazi wake akumuyankha ndi mutu wokha.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Lazaro