Bambo Aleka Kuyang'ana Mwezi

Ku Sierra, Oaxaca
Meyi

Mlongo wanga Fidencio,

Landira moni, iwe, mlamu Otilia ndi ana kumeneko ku Los Angeles. Kodi chifuwa cha Nayeli chija chinatha? Ife kuno tili moyo. Mawondo a bambo amavutabe kukamacha, koma akudya bwino. Mvula yoyamba yagwa, nthaka yafewa, ndipo anthu ayamba kubzala. Munda wa bambo wokha ndi umene uli chigonere, ndipo ndikuona ngati wochititsa ndine.

Ukukumbuka kuti denga la chipinda chawo linkadontha. Mwezi wathawu msonkhano wa mudzi unatilola kudula mitengo ya paini m'nkhalango, ndipo amuna anapangana tsiku lodzatithandiza. Bambo atamva tsikulo anakana. Anati mwezi udakali wanthete, ndipo mtengo wodulidwa pa mwezi wanthete umakhala ndi madzi, suchedwa kufumbwa. Anati tidikire mwezi uyambe kutha. Koma ukudziwa iwe, anthu akakupatsa tsiku iwe n'kulikana, lina limabwera mvula itakunyowetsa kale.

Ndiye ndinachita zimene ndimachita ndi ana kusukulu. Masana ndinawalowetsa bambo m'chipinda chosungiramo khofi chija chopanda zenera, ndinayatsa nyali, n'kuwapatsa lalanje. Ndinawauza kuti nyaliyo ndi dzuwa, lalanje ndi mwezi, mutu wawo ndi dziko. Anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti dziko lili ndi dazi.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti mwezi ulibe moto wakewake. Ndi chimwala chobulungira chimene chimabweza kuwala kwa dzuwa, monga limachitira khoma la tchalitchi akalipaka laimu. Nthawi zonse theka lake limakhala padzuwa, theka lina mumdima. Pamene ukuzungulira dziko, ife timaona gawo lalikulu kapena laling'ono la mbali yowalayo. Ndinawapempha kuti atambasule mkono, azitembenuka. Atalunjika kunyali, lalanje linali bii. Atatembenuka pang'ono, m'mphepete mwake munaoneka kamzere kowala kokhota. Kenaka theka. Atafulatira nyali n'kukweza dzanja kupitirira mutu, lonse linawala.

Anabwereza okha kangapo. Kenaka anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti mwezi sukula ndipo suchepa. Ndinati inde, umakhala wathunthu masiku onse. Anafunsanso ngati si mthunzi wa dziko umene umaudya. Ndinati ayi, zimenezo zimachitika pa kadamsana pokha. Anasenda lalanjelo, anandigawirako, n'kunena kuti amunawo akadule mitengo.

Ndinakondwa, Fidencio. Denga linakonzedwa, ndipo silikudonthanso.

Koma kuyambira tsiku limenelo bambo sayang'ananso kumwamba. Ukudziwa mmene anthu ankabwerera kudzawafunsa tsiku lofula nkhumba, lodula nsungwi, lobzala. Sabata yatha kunabwera a Melitón, anzawo aja oimba lipenga lalikulu m'bandi ya mudzi, kudzafunsa za kubzala. Bambo anangondiloza ndi mlomo, n'kuwauza kuti afunse aphunzitsi, popeza iwo ankawerenga chinthu chimene kulibe. A Melitón anafa nalo phwete. Anawauza kuti nkhalamba iwe wagonja ndi lalanje limodzi, mwanayu akanabwera ndi dzungu bwenzi utasiya ndi tchalitchi chomwe. Bambo anasekako, koma tsiku sanatchule. A Melitón anatembenukira kwa ine. Chimene chimawalitsa mwezi ndimachidziwa, koma za tsiku lobzala chimanga ndinali ndisanaganizepo. Pakhomo pathu tsikulo linkangotuluka pakamwa pa bambo.

Mbewu yawo ili pomwepo, yosankha kale, yoyera payokha, yabuluu payokha. Ndikafunsa kuti tibzala liti, amandiyankha mofatsa kuti ngati mwezi uli chimodzimodzi masiku onse, ndiye kuti masiku onse ndi ofanana, ngakhale mawa kulibe vuto. Mawalo likafika amanenanso zomwezo. Sanakwiye ayi. Akanakwiya bwenzi ndikudziwa pogwira.

Mutu wanga waima. Zimene ndinawauza n'zoona, sindingazibweze. Ndinayesa kuwauza kuti mwezi umakokadi madzi a m'nyanja, mwina umakhudzanso zinthu zina zimene sitinazidziwe. Anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati ineyo ndikukhulupirira kuti umakhudza chimanga. Ndinalephera kuwanamiza. Ndinati umboni wake sindinauonepo. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva zotsatira za kuchipatala. Tsono ndiuze, ndinalakwa powaphunzitsa, kapena ndikulakwa pano pofuna kuti aiwale? Ndakhala ndikuganiza mpaka tsiku lina kusukulu ndinaviika choko m'kapu ya khofi ana akuona.

Dzulo ndinatenga ndodo yawo yobzalira n'kupita kumunda ndekha. Ananditsatira, anakhala pamwala, n'kumandionerera ndikuboola nthaka. Anati mapando anga ndi osaya, mbalame zindithokoza, ndiponso ndikuponya mbewu ngati ndikudyetsa nkhuku. Ndinawapatsa ndodoyo kuti andionetse. Anaboola phando limodzi lokha, lokongola kwambiri, n'kundibwezera ndodo.

Pempho langa ndi ili. Mwezi ukhala wathunthu sabata yamawa, nthawi imene iwo akhala akubzala chaka ndi chaka. Ikadutsa imeneyi udzu utipitirira, ndipo ndikuopa kuti munthu wa msinkhu wawo akapanda kubzala chaka chimodzi sadzabzalanso. Uwaimbire foni Lamlungu akabwerako kutchalitchi. Usanene kuti ine ndinanama za mwezi, akutulukira msanga. Uwauze za kadimba kako kakuseri kwa nyumba, ndipo uwafunse tsiku loti ubzale chimanga. Akakuuza kuti ufunse aphunzitsi, usadule foni, udikire. Uwauze kuti aphunzitsiwo akulembera kalata, ndipo avomera okha kuti tsikulo sakulidziwa.

Ngati atchula tsiku, undiuze msangamsanga kuti ndipemphe tchuthi kusukulu, ndikawanyamulire mbewu.

Undiperekere moni kwa mlamu Otilia, kwa ana, ndi kwa azakhali Gudelia ukawaona. Mulungu akusungeni nonse kutali komwe muliko.

Ndine mlongo wako,
Herlinda