Dzanja la m'Makalata Aja Silinali la Amuna Anga

Aphungu,

Mayankho anu ndimawerenga chiyambire, ndipo ndiulule kuti kawirikawiri ndimawaseka anzanga okulemberani, ndimvekere koma anthu ali ndi nthawi. Lero zandigwera ine. Chonde dzina langa musalilembe lonse, chifukwa ambiri odziwa kuwerenga kuno anadzera m'manja mwanga.

Ndine mayi wa zaka 54. Ndinaphunzitsa ana oyamba kumene pa sukulu ya m'mudzi mwathu zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndinapuma chaka chatha. Amuna anga anapita ku Halale mu 1930, mwana wathu Stella ali kumsana, nakalowa ntchito yosamala maluwa ndi ndiwo zamasamba pa nyumba ya mzungu. Sanatchone ayi, ndisawanamizire. Ankabwera pakapita zaka zitatu kapena zinayi, kukhala mwezi umodzi, n'kubwerera. Nawonso anapuma chaka chatha chomwecho cha 1956, ndipo anzanga ku tchalitchi anati ndine wodala, popeza tapumira limodzi.

Zaka zonsezo banja lathu linali la m'makalata. Mwezi sunkatha kalata osabwera, ndipo onse ndinawasunga m'bokosi la malata. Makalata ake, Aphungu! Iliyonse inkayamba ndi mawu akuti "Wapamtima wanga". Ina ya mu 1941 ndinachita kuiloweza. Inati: "Kuno yagwa mvula yoyamba. Ndinangoima pakati pa kabichi osathawa, mpaka dona anandikuwira kuti ndapenga. Fungo la dothi linandikumbutsa tsiku lija munaterereka pa mtengo wowolokera kudambo, bowa yense n'kupita ndi madzi, inu n'kumakalipira ine ngati kuti ndakukankhani." Amuna a anzanga ankabwera ndi njinga ndi magalamafoni, ine sindinasirirepo. Ndinkati zanga zili m'bokosi.

Tsono munthu wa m'makalatayo ndikumudikirabe mpaka lero, chifukwa amene anatsika basi ku Nsaru ndi wina. Kukacha amatenga ndowa, ulendo wa kudimba. Dimba lake lija ndinkangomwazamo mpiru ndi maungu, pano mizere yake amachita kuyeza ndi chingwe. Muli kaloti, muli letesi amene kuno palibe amamuyesa ndiwo, muli timitengo ta mapichesi tomezanitsa, tomangidwa nsanza ngati todwala. Mbande amagawa ulere kwa aliyense wopempha. Loweruka amakasesa ndi kuthirira maluwa ku tchalitchi popanda wowatuma, ndipo akulu a mpingo sasiya kuwayamika. Ndikapita kukathyola ndiwo ndimawamva patali akucheza ndi kabichi m'Chizezuru, chilankhulo cha ku Halale, mpaka kuseka. Akangondiona, pakamwa tseke.

Kunyumba mawu awo ndi "Madzi alipo?", "Zikomo", "Mawa kuzizira". Tsiku lina ndinachita kuwerenga, pajatu ndine mphunzitsi. Anakwana khumi ndi anayi, kuyambira podzuka mpaka pokagona.

Ine ndinadzipezera chochita. Lachinayi tikaweruka ku Chigwirizano, amayi amene amuna awo ali ku Joni ndi ku Halale amadzaza pakhonde panga. Ndimawawerengera makalata ndi kuwalembera mayankho, mongothandiza. Mundiseke ngati mufuna, koma ndikamamuwerengera mnzanga Anesi kalata ya amuna ake, ya mizere inayi yongofunsa za mbuzi, ndimachita nsanje. Iye ali nacho choyembekezera. Ine thumba la makalata likafika ku Nsaru ndilibe chopitira. Ndili ndekhandekha kuposa muja amuna anga anali kutali, ndipo ndimachita manyazi kunena zimenezi poti anzangawo akulirira amuna oti abwere.

Zonsezi ndikanapirira. Chandilembetsa ndi chimene chinachitika mwezi watha.

Lachinayi lina amayi aja atabalalika, ndinaona amuna anga ataima pafupi ndi nkhokwe, envulopu ili m'manja. Anati, "Amake Stella, tandiwerengereniko iyi, maso akundivuta." Za masozo sindinadabwe. Ku tchalitchi akawapempha kuwerenga mawu amanena zomwezo, ngakhale m'thumba la jekete yawo simusowa cholembera chonyezimira. Kalatayo inachokera kwa mkulu wa mpingo wa ku Halale. Inati a Nicholas, amene ankaphika pa nyumba yoyandikana ndi pomwe amuna anga ankagwira ntchito, amwalira ndi chibayo ndipo aikidwa konko.

Amuna anga anakhala pansi padothi pomwepo. Anati, "Dzanja langa lapita."

Ndinati, "Dzanja lanji, bambo a Stella?"

Anati, "Makalata onse aja ankalemba ndi iyeyu. Anu aja ankandiwerengeranso ndi iye yemweyo. Ine chimene ndimatha ndi dzina langa lokha. Sukulu ya madzulo ndinakuuzani ija ndinangopitako sabata ziwiri."

Ndinapinda kalata, ndinawapatsa, n'kupita kukatsekera nkhuku dzuwa likadali poti.

Aphungu, zikundiwawa pawiri. M'makalata angawo ndinkalembamo zinthu zimene mkazi amauza mwamuna wake yekha, ndiye lero ndimve kuti zinkatuluka pakamwa pa bambo wina amene sindinamuonepo ndi nkhope yomwe. Koma chachikulu ndi ichi: kodi zaka zonsezi ndinkakonda yani? Mwina amene ankandiseketsa ndi kundiliza uja ndi amene wagona m'manda a ku Halaleyo, ndipo ine ndatsala ndi mlendo wodziwa kuthirira. Onjezanipo manyazi akuti ndinaphunzitsa theka la mudzi a, e, i, o, u, wa m'nyumba mwanga momwe osamuzindikira.

Chichitikire zimenezi sitinakambepo kanthu. Ngakhale mawu khumi ndi anayi aja sakukwananso. M'mawa uliwonse ndimapeza pakhomo la khitchini kamtolo ka ndiwo kotsukatsuka, nthawi zina ndi duwa lofiira pakati. Ndiwozo ndimaphika, duwalo ndimaponyera mbuzi. Ndikudziwa kuti si khalidwe la mayi wa Chigwirizano, koma ndi mmene mtima ulili.

Tsopano Stella, amene anakwatiwa ku Limbe, walemba kuti ali woyembekezera ndipo ndipite mwezi wamawa ndikamuthandize kwa miyezi iwiri. Mumtima ndikudziwa kuti ndikapita sindibwerako msanga, mwinanso osabwerako n'komwe. Mudzi uno ndi wakwathu, iwo ndi akamwini, ndipo kwawo ku Kasiya abale awo anatha, ena anabalalika. Ndikachoka atsala ndi alamu awo ndi kabichi. Ankhoswe sindingawauze, mawa lake nkhani ingapezeke pachitsime. Kodi ndipite? Ndipo ngati n'kukhala, ndikhale ndi yani?

G.C., Nsaru


Mayi G.C.,

Pepani. Bodza la zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi si laling'ono, ndipo sindikuuzani kuti mungoliiwala. Zinsinsi zanu zinadzera pakamwa pa mlendo inu osadziwa. Pamenepo bambowo anakulakwirani, ndipo ayenera kupepesa.

Koma funso lanu lalikulu mungaliyankhe nokha, chifukwa ntchito ya a Nicholas ndi yomwe mumagwira Lachinayi lililonse. Anesi akati "auzeni kuti mbuzi zili bwino", suja mumayamba ndi moni wokoma amene iye sananene? Ndiye ndisakunamizeni, "Wapamtima wanga" uja mwina analidi wa a Nicholas. Koma tandiuzani, munayamba mwamupekerapo Anesi tsiku limene sanakuuzeni? A Nicholas anali ophika, pakati pa kabichi sanaimepo mvula ikugwa. Kudambo kwanu kulibe phazi lawo, ndipo bowa anapita ndi madzi uja sanamuone. Amene anasunga zimenezo mumtima zaka zoposa khumi, n'kulimba mtima kuzinena mokweza pamaso pa mwamuna mnzake kuti zikufikeni, ndi yemwe mukumutcha mlendoyo.

Za kusalankhulako musadabwe kwambiri. Bambowo anazolowera kulankhula nanu inu musakuwayang'ana. Kenaka anadzapezeka m'nyumba imodzi ndi mphunzitsi, ali ndi cholembera chongokongoletsa jekete, tsiku lililonse akuopa kuti macheza akatalika muwapatsa pepala. Munthu wobisa kanthu amaumira mawu. Ndiponso onani kuti simunawagwire ndinu. Kalata ya maliroyo akanatha kupita nayo kwa wina aliyense wa ana munaphunzitsa aja, koma anabwera nayo kwa inu, n'kuulula okha.

Nazi zoti muchite. Yambani ndi maliro. Munthuyo wataya mnzake amene anamusungira chinsinsi moyo wake wonse, ndipo m'mudzi monsemo palibe amene wamupepesa, poti wodziwa ndinu nokha. Mukawapepese, ngakhale mtima ukadali wowawa. Musawaitanire pakhonde, pamenepo mpa sukulu panu. Tengani ndowa muwalondole kudimba, kumene iwo ndiwo aphunzitsi, muwafunse kuti mapichesi omangidwa nsanzawo amawatani. Manja akamagwira ntchito, maso ali pa mbewu, pakamwa pamamasuka. Konko muwauze chimene chinakupwetekani, momveka bwino, kamodzi kokha, osati tsiku ndi tsiku ngati belu la sukulu.

Kenaka pali kalata imene ikudikira yankho. Mkulu wa mpingo wa ku Halale uja sanayankhidwe, ndipo a Nicholas ayenera kuti anasiya mkazi kapena ana ofunika mawu achipepeso. Tengani pepala, mukhale chakumbali osawayang'ana kumaso, munene kuti, "Nenani, ndilembe." Poyamba adzakhosomola ndi kukanda m'mutu. Dikirani, musawathandize. Akayamba kunena za mnzawoyo, mudzamva ndi makutu anu ngati mawu a m'bokosi lanu anali a wophika kapena a wolima. Umboni woposa umenewo ine ndilibe, ndipo ngati mudzapeze kuti ndalakwitsa, mundilemberenso.

Zowaphunzitsa kuwerenga musayambitse ndinu. Akadzapempha okha, yambani ndi mayina a mbewu zawo pa timitengo tozika m'dimba, kopanda ana owaonerera. Duwa lija lekani kudyetsa mbuzi. Liikeni m'botolo pawindo, aliona.

Kwa Stella pitani ndithu, mwana wanu akukufunani. Koma mulembereni kuti mufika masiku akayandikira, ndipo mutchule tsiku lobwerera, bambowo alimve. Ngati alipo wothirira dimba sabata ziwiri, pitani nonse, akaone mdzukulu.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Nkhaniyi isafike pakhonde la Lachinayi, ngakhale kwa Anesi. Bambo amene mpingo wonse ukumuyamika mukamuvula ulemu m'mudzi wa eni, sadzatsegulanso pakamwa, kaya kwa inu kaya kwa kabichi. Chachiwiri, musakwere basi ya ku Limbe musanalankhulane, n'kumati mtunda ukonza zinthu monga unkachitira kale. Ulendo uno mudzadikira mwezi ndi mwezi, kalata sidzabwera. Chonena adzakhala nacho chambiri, koma wowalembera amene watsala ndinu nokha.

Aphungu