Amalume Fausto Ali mu Gemu

Moatize, 14 Outubro 2019

Tsiku limene tinkasamutsidwa kuchoka ku Chipanga, zaka zapitazo, msuweni wanga Crispim ankajambula ndi kamera yobwereka. Vidiyoyo anaisunga mu gemu yake ya mpira, makina aja olumikiza ku TV, poti kwina kosunga kunalibe. Bambo ake, amalume Fausto, anamwalira chaka chatha. Chithunzi chawo palibe. Atsala m'gemumo basi, pamodzi ndi osewera mpira.

Lero azakhali Ermelinda, akazi awo, aimba foni ali ku Zóbuè: "Iwe wa ku universidade, bwera udzawatulutse amalume ako." Akuti gemuyo yayamba kuzima yokha.

16 Outubro

Crispim anayesa kukopera pa fulashi, inakana. Opanga anatseka. Njira ndi imodzi: kuikamo firmware yosinthidwa, pulogalamu yamkati imene akatswiri a pa intaneti anaiboola. Imatsegula seva ya FTP, komputa yanga n'kumakoka mafayilo kudzera pa chingwe. Ndikalakwitsa, gemu ifa, amalume n'kufa kachiwiri. Dipuloma ndili nayo, koma izi sindinazichitepo.

Zóbuè, 18 Outubro

Ndafika pa chapa, minibasi ya kuno. Gemu ili pa kabati, yofunditsidwa kansalu koluka ngati guwa la m'tchalitchi. Chizolowezi cha ku Moatize, kuopa fumbi la malasha. Kuno kulibe malasha, koma ndani angawauze azakhali?

Ndavundukula. Firmware yalowa. Seva yayankha! Ndinafuna womuuza, pakhomo panali nkhuku yokha.

19 Outubro

Mafayilo akukwawa ngati sitima yodzaza malasha. Ndinapita kumsika. Pobwera, kansalu kabwerera pamwamba, ndi chitenje chowonjezera. "Mwamuna wanga asakhale pambalambanda, kukubwera alendo."

Gemu yatentha, yazima. Siikuyakanso. Sindinawauze kuti imapuma, imafuna mpweya. Ndinkayesa aliyense amadziwa. Chitsiru ndani apa?

20 Outubro

Chapulumuka ndi kachidutswa kamodzi ka vidiyo, kamene kanali katalowa kale m'komputa yanga. Nkhope mulibe. Msana wa amalume wokha, akutukwana woyendetsa lole chifukwa chokweza mbuzi pamwamba pa chitseko chawo. Mawu oti padiri atamva angakomoke.

Ndinayamba kupepesa. Azakhali anandikhalitsa chete, n'kuonera mobwerezabwereza, kuseka mpaka misozi. "Ndi yemweyo. Nkhope ndikuidziwa kale, ndinkasowa pakamwapo."

Ndawaikira pa fulashi. Akufuna pepala lokulungira, ati fumbi lingalowe. Lina ndilibe. Ndikupinda masamba omwewa, dzanja atambasula kale